Kusolola Mawu a Agogo pa CD: Zimene Ndinaphunzira ku Nkhulambe Kompyuta Itasintha Khalidwe

Chiyambi

Kwathu ndi ku Nkhulambe, m'boma la Phalombe, kuseri kwa phiri la Mulanje kufupi ndi malire a dziko la Mozambique. M'mwezi wa Malichi chaka cha 2023, namondwe wa Freddy atagwetsa mvula ya masiku angapo, madzi, matope ndi miyala zinatsetsereka kuchokera m'phiri n'kukokolola nyumba, minda ndi anthu. Akuluakulu anangoti napolo wadutsanso, pokumbukira zimene zinachitika ku Phalombe m'chaka cha 1991. Nyumba ya amalume anga sinagwe, koma matope analowa mpaka m'mawindo. Pakati pa katundu amene anafukulidwa m'matopemo panali chitini cha mabisiketi momwe munali ma CD 6.

M'chaka cha 2009 amalumewo, omwe anali mphunzitsi wa kupulayimale, anajambula mawu a amayi awo pa makaseti. Agogowo ankasimba nthano ndi kuimba nyimbo za pamtondo ndi za tchopa m'Chilhomwe. Chaka chotsatira amalume anapita ndi makasetiwo ku Limbe kukawasamutsira pa CD. Agogo anatisiya mu 2016, ndipo makaseti onse anawonongeka ndi matope. Choncho mawu awo anatsala pa zimbale 6 zokhazo.

M'nkhani ino ndifotokoza mavuto amene ndinakumana nawo posamutsa mawuwa kuchoka pa CD kupita mu kompyuta itaikidwa mapulogalamu atsopano, gwero la vuto lililonse, ndi momwe ndinalithetsera. Pa Chingerezi ntchito imeneyi amaitcha ripping. Ine ndigwiritsa ntchito mawu oti kusolola, chifukwa monga tione kutsogoloku, ntchitoyi ndi yosiyana ndi kukopera wamba.

Chifukwa chake zimbalezi n'zofunika

Kalembera wa m'chaka cha 2018 anaonetsa kuti Alhomwe ndi mtundu wachiwiri pa kuchuluka m'Malawi muno, pambuyo pa Achewa. Ngakhale zili choncho, ambiri mwa ife sitiyankhula chiyankhulo cha makolo athu. Akatswiri monga Alfred Matiki ndi Edrinnie Kayambazinthu analemba za momwe Alhomwe akhala akusiyira chiyankhulo chawo n'kutenga Chichewa. Gule wa tchopa analembedwa m'kaundula wa UNESCO mu 2014, koma kuvina gule n'kosiyana ndi kudziwa mawu a nyimbo zake. Ine ndemwe Chilhomwe ndimangochimva pang'ono. Pa kafukufuku wanga wa chaka chomaliza ndinasankha kusanthula nthano za agogo, ndipo kuti ndizilembe molondola ndinafunika kubwereza chiganizo chimodzi kakhumi kapena kuposa. Zimenezi sizitheka bwino pa DVD ya pabalaza. Mawu amayenera kukhala mu kompyuta.

Amalume anandiuza mosapita m'mbali kuti, "Mphwanga, zimbalezi sizituluka m'nyumba muno. Ukafuna mawu a amayi, ubwere ndi makina akowo." Sindinawatsutse. Pa tchuthi cha Disembala 2024 ndinasolola zimbale ziwiri popanda vuto lililonse, pogwiritsa ntchito laputopu yanga ndi dirayivu ya CD yolumikiza pa USB. Patapita miyezi ingapo laputopu ija inayamba kuchedwa, ndipo wokonza makompyuta wina m'tauni anaisinthira disiki ndi kuiikira mapulogalamu atsopano. Nditabwerera kumudzi pa tchuthi chotsatira kuti ndimalize zimbale 4 zotsala, chilichonse chinakana. Ndinali ndi sabata imodzi yokha, magetsi a sola, ndi netiweki yofuna kukwera pachulu.

Kupeza kaye pamene pali vuto

Tsiku loyamba ndinalitaya posintha zinthu zambiri nthawi imodzi. Madzulo ake ndinazindikira kuti pa ntchito imeneyi vuto limatha kukhala pa malo anayi okha: pa chimbale chenichenicho, pa dirayivu, pa waya ndi mphamvu ya magetsi, kapena pa pulogalamu. Njira yabwino ndi kuyesa chinthu chimodzi, zina zonse zili chikhalire.

Ndinayamba ndi zimbale. Ndinaziika mu DVD ya amalume chimodzichimodzi, ndipo zonse zinayamba kulira. Apa ndinadziwa kuti zimbalezo sizinafe. Kenaka ndinatenga CD ya kwaya yogula kusitolo, yosakalika, n'kuiika mu dirayivu yanga. Nayonso inakana. Zimenezi zinandiuza kuti vuto loyamba silinali la matope ayi, koma la mbali ya kompyuta. Aliyense amene akufuna kusolola mawu azikhala ndi chimbale chimodzi chimene akudziwa kuti n'chabwino, choyesera.

Vuto loyamba: dirayivu kusaoneka

Ndikaika chimbale, dirayivu inkayamba kuzungulira, kenaka n'kulira kuti tche, n'kuzima, n'kuyambanso. Pa kompyuta inkaoneka kwa kanthawi n'kusowa. Gwero lake linali mphamvu ya magetsi. Doko la USB 2.0 limapereka 500 mA, pamene la USB 3.0 limapereka 900 mA. Dirayivu ya CD imafuna mphamvu yambiri makamaka pamene ikuyamba kuzungulitsa chimbale, n'chifukwa chake zina zimagulitsidwa ndi waya wa mitu iwiri. Ine ndinali nditailumikiza kudzera pa kachipangizo kogawira madoko, pamodzi ndi mausi ndi foni imene inkatchaja. Kuwonjezera apo, mapulogalamu atsopano anabwera ndi dongosolo losunga batire lomwe limachepetsa ntchito ya madoko a USB laputopu ikakhala kuti siili pa magetsi. Kale ndinali nditalithimitsa dongosololi, koma wokonza uja ataika zatsopano zonse zinabwerera mwakale.

Ndinachotsa zipangizo zina zonse, ndinalumikiza dirayivu mwachindunji pa doko la USB 3.0, lomwe nthawi zambiri limakhala la buluu m'kati, ndinathimitsa dongosolo losunga batire lija, ndipo ndinayamba kugwira ntchito masana pamene sola ili ndi mphamvu. Dirayivu inakhazikika. Ngati zimenezi sizithandiza, pa makompyuta oyendera Windows munthu amatha kutsekula Device Manager, kuchotsamo dzina la dirayivuyo, n'kuyatsanso kompyuta kuti iizindikire mwatsopano. Ndi bwinonso kudziwa kuti nthawi zina dirayivu yopanda chimbale siionetsedwa pa mndandanda ngakhale ili bwinobwino.

Vuto lachiwiri: mafayilo opanda kanthu

Dirayivu itaoneka, pulogalamu yanga yosololera inakanabe. Chifukwa cha phuma ndinatsekula chimbale ngati fulashi, ndinaona mafayilo olembedwa Track01.cda, Track02.cda ndi ena otero, n'kuwakopera. Ntchito yonse inatha m'kuphethira kwa diso ndipo ndinasangalala. Nditachotsa chimbale, palibe fayilo imene inalira. Mnyamata wina woberna nyimbo pamsika atayang'ana anaseka. "Achimwene, mwakopera zikwangwani, nyumba mwazisiya komweko," anatero.

Iye ananena zoona. CD ya nyimbo ilibe mafayilo monga ali pa fulashi. Dongosolo lake, lomwe makampani a Philips ndi Sony anagwirizana mu 1980, limaika mawu onse pa mzere umodzi wozungulira kuyambira pakati pa chimbale kupita kumphepete. Koyambirira kwa mzerewo kuli kandandanda konena kuti nyimbo yoyamba yayambira pakuti, yachiwiri pakuti, mpaka nyimbo 99 ngati zilipo. Mafayilo a .cda amapangidwa ndi kompyuta pongofuna kuloza malo amenewa, ndipo iliyonse ndi ya mabayiti 44 okha. Mawu enieni ndi aakulu kwambiri. Pa sekondi iliyonse CD imasunga miyezo ya mawu 44,100 ku mbali iliyonse ya sipika ziwiri, muyezo uliwonse wa mabiti 16. Zimenezi zimapanga mabayiti 176,400 pa sekondi, kapena pafupifupi 10 MB pa mphindi. Choncho nthano ya mphindi 8 iyenera kukhala pafupifupi 80 MB isanapanikizidwe. Ukaona fayilo ya 1 KB, dziwa kuti mulibe mawu. Apa ndi pamene pagona kusiyana kwa kukopera ndi kusolola: pulogalamu yosololera imawerenga mzere wa mawu uja n'kupanga fayilo imene pa chimbale panalibe.

Vuto lachitatu: pulogalamu kulemba pamalo olakwika

Ndinabwerera ku pulogalamu yosololera. Inkaonetsa nyimbo zonse, koma ndikailamula kuti iyambe inkati yalephera kulemba fayilo. Ndinakhala maola awiri ndikuganiza kuti chimbale ndi chimene chavuta, pomwe uthengawo unkanena za kulemba osati kuwerenga. Ili ndi phunziro palokha: uthenga wa vuto uziwerengedwa mawu ndi mawu, monga timachitira ndi chiganizo m'kalasi ya kasanthulidwe ka ziganizo.

Disiki yakale ya laputopu yanga inali yogawidwa pawiri, C ndi D, ndipo mawu onse ndinkasunga ku D. Wokonza uja anaika disiki yatsopano yosagawa, n'kubwezeretsa mafayilo anga pamodzi ndi zosankha zakale za pulogalamu ija. Chilembo D chitatsala chopanda mwini, kompyuta inachipereka kwa dirayivu ya CD. Motero pulogalamu inkayesa kusunga mawu pa chimbale chomwe inkawerengacho. Nditasankha foda yatsopano ku C, kulemba kunatheka.

Cholakwika chomwecho chinakhudzanso MP3. Mapulogalamu ena osololera sapanga okha MP3, amadalira kapulogalamu kena, kawirikawiri kotchedwa LAME, ndipo amayenera kuuzidwa kumene kali. Kanga kanali ku D yakale ija. Njira yachidule yodziwira ngati vuto lili apa ndi kusankha WAV, chifukwa WAV safuna kapulogalamu kapadera. WAV ikatheka koma MP3 n'kukana, vuto si chimbale kapena dirayivu.

Vuto lachinayi: kufunafuna mayina pa intaneti

Ma CD ambiri sasunga mayina a nyimbo kapena a woimba. Mayina amene timaona pa kompyuta amachokera m'nkhokwe za pa intaneti. Pulogalamu imatenga chiwerengero cha nyimbo ndi kutalika kwake, n'kufunsa nkhokweyo ngati ikudziwa chimbale chotere. Nkhokwe ina yotchuka, freedb, inatsekedwa mu 2020, ndipo mapulogalamu akale amene amailozabe sapeza yankho. Masiku ano ambiri amagwiritsa ntchito MusicBrainz kapena gnudb.

Pulogalamu yanga itakonzedwanso inayamba kufunsa mayina yokha chimbale chikangolowa. Ndi netiweki ya kwathu, inkaima mphindi zambiri ngati yafa. Tsiku lina netiweki itagwira, inabweretsa mayina a nyimbo za kunja n'kuwapachika pa nthano za agogo, chifukwa chimbale china kwinakwake chinali ndi nyimbo zofanana kutalika ndi zathu. Chimbale chobernedwa ku Limbe cha banja limodzi sichingapezeke m'nkhokwe iliyonse. Ndinathimitsa kufunsako n'kulemba mayina ndekha, amalume akundiuza mutu wa nthano iliyonse.

Pano pali mfundo yokhudza ife ophunzira ziyankhulo. Pa Windows dzina la fayilo silingakhale ndi zizindikiro monga mfunso, mikodolero iwiri yotsekula ndi kutseka mawu, kapena kadontho kawiri. Mutu wa nthano ukakhala funso, chizindikirocho chisiyidwe. Zilembo zapadera monga ŵ zimasungika bwino m'mapulogalamu odziwa Unicode, koma mawailesi ena a m'galimoto ndi mafoni ang'onoang'ono amazionetsa ngati timabokosi. Ine mafayilo ndinawatcha mayina osavuta, monga CD3_05, ndipo mitu yonse m'kalembedwe koyenera ndinaisunga m'chikalata chapadera.

Vuto lachisanu: mawu odumphadumpha

Vuto lomaliza ndi limene linandiopsa kwambiri. Mafayilo anayamba kutuluka, koma pomvetsera ndinkamva kuthetheka, ndipo pena mawu ankadumpha. Kwa womvera nyimbo za chisangalalo, kameneka n'kachilema kakang'ono. Kwa wolemba chiyankhulo, phatikizo limodzi likasowa mneni amasintha nthawi kapena mwininkhani.

Chimbale chimagawidwa m'tizigawo 75 pa sekondi, kalikonse ka mabayiti 2,352. Pa CD ya mafayilo, mabayiti 2,048 okha ndi amene amanyamula uthenga, ndipo ambiri mwa otsalawo amathandiza kupeza malo ndi kukonza zolakwika. Pa CD ya nyimbo mabayiti onse 2,352 ndi mawu, choncho chitetezo chake n'chocheperapo. N'chifukwa chake chimbale cholembedwa 700 MB chimatha kutulutsa mafayilo a WAV oposa 800 MB chikakhala chodzaza mphindi 80. DVD ya pabalaza ikapeza malo okalika imangoyerekeza mawu osowawo n'kupitirira, ndipo khutu silizindikira msanga. Izi zikutanthauza kuti chimbale cholira bwino pabalaza chikhoza kuvutabe posolola.

Mapulogalamu osololera amakhala ndi njira ziwiri. Ya burst mode imawerenga kamodzi mothamanga, osabwerera. Ya secure mode imawerenga malo okayikitsa mobwerezabwereza mpaka zotsatira zitafanana, ndipo ikalephera imanena sekondi imene yavuta. Mapulogalamu aulere monga Exact Audio Copy pa Windows ndi cdparanoia pa Linux amadziwika ndi njira yachiwiriyi. Yanga inali pa njira yothamanga. Ndinaisintha, n'kutsitsanso liwiro la dirayivu kufika pa 4x. Chimbale chimodzi chinkatenga ola lathunthu kapena kuposa, koma kuona maso a nkhono n'kudekha. Pali njira ina yotchedwa AccurateRip yomwe imafananiza zimene wasolola ndi za anthu ena amene ali ndi chimbale chomwecho, koma pa zimbale za pabanja siithandiza. M'malo mwake ndinkasolola nthano iliyonse kawiri n'kuona ngati manambala otsimikizira amene pulogalamu imapereka afanana.

Ndinatsukanso zimbalezo. Ndinazitsira madzi oyera kuti mchenga uyambe wachoka, chifukwa kupukuta chimbale cha mchenga n'kuchikala. Kenaka ndinapukuta ndi kansalu kofewa kuchokera pakati kupita kumphepete. Kupukuta mozungulira n'koopsa chifukwa mkwasa wotsata mzere wa mawu umawononga mawu ambiri otsatizana, pomwe wodutsa mopingasa umakonzeka mosavuta. Ambiri timateteza mbali yonyezimira n'kuiwala ya pamwamba, chonsecho mawu amakhala pafupi kwambiri ndi mbali ya pamwambayo, pansi pa utoto wopyapyala. Komanso CD yoberna imasunga mawu mu utoto wapadera umene umafooka ndi dzuwa, kutentha ndi chinyezi, kusiyana ndi CD yodindidwa kufakitale.

Zimbale zitatu zinatuluka zonse bwinobwino. Chachinayi chinali chitasupuka pamwamba chakumphepete, moti ukachiyang'anitsa padzuwa kuwala kunkadutsa. Popeza CD imawerengedwa kuchokera pakati, zoyambirira zinatuluka, koma nthano yomaliza inaduka patatsala mphindi ngati zitatu. Ndinayesa dirayivu ya mnyamata wa pamsika uja, yomwe anabwera nayo kunyumba amalume atavomera, chifukwa madirayivu amasiyana luso powerenga zimbale zowonongeka. Tinapulumutsa masekondi 40 okha. Pamene utoto wachoka palibe pulogalamu imene ingabwezeretse mawu.

Usiku umenewo ndinawaseweretsa amalume nthano yodukayo. Pamene mawu a agogo anathera, iwo anapitiriza n'kuimaliza, poti ankaikumbukira. Koma anaimaliza m'Chichewa. Nditawapempha kuti abwereze m'Chilhomwe, anayesa ziganizo ziwiri n'kuima. "Mawu ake enieni anapita ndi amayi," anatero. Ndinajambula zonse ziwiri pa foni, ndipo mu kafukufuku wanga ndinazilemba monga zinachitikira.

Kasungidwe ka mawu osololedwa

Funso lotsala linali la mtundu wa fayilo. WAV imasunga zonse zimene zinali pa chimbale. FLAC imachepetsa kukula kwa fayilo, kawirikawiri kufika chapafupi ndi theka, popanda kutaya kanthu. MP3 imachepetsa kwambiri, moti pa 128 kbps mphindi imodzi imakhala pafupifupi 1 MB, koma imatero potaya mbali zina za mawu zomwe sizibwereranso. Pa kafukufuku ndi bwino kusunga WAV kapena FLAC ngati gwero, n'kupanga MP3 yongotumizira abale. Pulogalamu ya Praat, yomwe Paul Boersma ndi David Weenink anapanga ku yunivesite ya Amsterdam, ndi ya ELAN ya ku Max Planck Institute ku Nijmegen, zimagwira bwino ntchito ndi WAV posanthula kamvekedwe ndi polemba mawu.

Mawuwa ndinawasunga malo atatu: mu laputopu, pa memori khadi imene ndinasiyira amalume, ndi pa intaneti nditabwerera kusukulu. Freddy anatiphunzitsa kuti zinthu ziwiri zosungidwa m'nyumba imodzi zimapita tsiku limodzi. Ndinapemphanso chilolezo cha banja ndisanapereke mawuwa kwa aphunzitsi anga, ndipo nyimbo ziwiri zimene amalume anati n'za pa mwambo sindinazipereke. Pa zimbale za oimba nkhani ndi ina: lamulo la umwini wa zaluso la 2016 limateteza ntchito zawo, ndipo bungwe la COSOMA ndi limene limayang'anira zimenezi. Luso losolola si chilolezo chogulitsa thukuta la ena.

Mawu omaliza

Mwa mavuto asanu amene ndafotokoza, anayi anachokera ku zosankha zimene zinasintha kapena zimene sindinkazimvetsa, ndipo mbali imodzi yokha ya vuto lachisanu ndi imene inali ya chimbale chenichenicho. Choncho mnzanga amene kompyuta yake yayamba kukana CD itaikidwa mapulogalamu atsopano asafulumire kutaya chimbale kapena kugula dirayivu ina. Ayese chimbalecho m'makina ena, ayese chimbale china m'makina ake, aone mphamvu ya magetsi, aone kumene mafayilo akulembedwa, athimitse zofunsa mayina pa intaneti, ndipo awerenge pang'onopang'ono. Asanapereke kompyuta kwa wokonza, alembe papepala zosankha zonse za mapulogalamu ake.

M'nyumba zambiri, m'mipingo ndi m'masukulu muli ma CD a maukwati, makwaya, maliro ndi zokamba za akuluakulu amene anabernedwa m'zaka za m'ma 2000. Malaputopu ambiri atsopano sabweranso ndi dirayivu ya CD, ndipo zimbalezo zikukalamba. Ndikanamaliza ntchito yanga mu Disembala 2024 sindikanapulumutsabe mphindi zitatu zija, pakuti zinapita ndi madzi a 2023. Koma wina akanasolola zimbalezi chaka chilichonse pakati pa 2010 ndi 2022, bwenzi nthano ya agogo ili yathunthu m'chiyankhulo chawo. Amene ali ndi chitini chotere kwawo achitsekule pa tchuthi chikubwerachi.